Za Umoyo Wathu: Pamene Dziko Lizungulira Munthu Ali Cigonere

Nkhani ya sabata ino ndaitenga pakhomo pathu peni-peni, ndipo ndinayamba ndapempha cilolezo kwa eni ace ndisanailembe. Azakhali anga, mlongo wao wa atate, akhala m'mudzi wina kufupi ndi Mtenguleni, m'mbali mwa mseu waukulu wocokera ku Chipata kulowera ku Katete. Ndi mai wa zaka 61, wolimba pa khasu, amene munda wao wa nshawa sunagonepo ndi caka cimodzi comwe. Tsiku lina m'mwezi wa November, tambala atalira kaciwiri, anatembenuka pa mphasa kuti adzuke akayambe kubzala. Pomwepo denga la nyumba linayamba kuzungulira monga wilo la njinga. Anagwiritsa mphasa ndi manja onse awiri nakuwa. Pamene ana anafika ndi nyali, zonse zinali zitaima. Cotsala cinali nseru ndi thukuta basi. Usiku wotsatira zinacitikanso, ndi usiku winawo, kufikira zinasanduka za masiku onse.

Kwa miyezi 7 azakhali sanathe kuwerama kuti apalire. Akati ayang'ane m'mwamba kuti atape cimanga m'nkhokwe, dziko linali kupendekeka. Ku citsime analeka kupita poopa kugweramo. Anafika pomagona cokhala, atatsamira cipupa, cifukwa anazindikira kuti kugona pansi ndiko kunali kuitana matendawo. Ku kiliniki ina anawapima BP ndi malungo, napeza kuti zonse ziri bwino, nawapatsa timapiritsi ta mutu. Posaona kusintha, acibale anawatengera kwa ng'anga. Kumeneko anawatema mphini kuseri kwa makutu, analipira mbuzi, ndipo anauzidwa mau amene anaononga zambiri kuposa matenda eni ace: akuti wocita zimenezi ndi munthu wa pakhomo pomwepo. Maso onse anagwera mtengwa, mkazi wa mwana wao wamwamuna. Mtsikanayo atatopa ndi manong'onong'o a anthu, anamanga katundu nabwerera kwao ndi ana awiri. Caka cimeneco munda unadyedwa ndi udzu.

M'mwezi wa June ndinapita kukawatenga ndi kuwaperekeza ku cipatala cacikulu. Dotolo amene tinampeza, wa msinkhu wonga wanga womwewu, sanafulumire kulemba mankhwala. Anafunsa kuti, "Amai, cikayamba cimatenga nthawi yotani? Cimayamba muli kucita ciani? Makutu akumva bwino?" Azakhali anayankha kuti sicipitirira nthawi imene munthu amwera kapu ya madzi, ndi kuti cimabwera akatembenukira ku dzanja lamanja. Dotolo anawakhazika pa bedi, anawapotoza mutu pang'ono, nawagoneka cagada mofulumira. Azakhali anakuwa kuti, "Mayo, ndikugwa ine!" Dotolo anandikodola kuti ndione maso ao: anali kugwedezeka okha, kuthamanga ndi kubwerera. Atatero anawatembenuza mutu pang'ono-pang'ono, kenaka thupi lonse, nawadzutsa. Anabwereza kaciwiri. Zonse pamodzi sizinakwane mphindi 15. Usiku umenewo azakhali anagona pa mphasa kwa nthawi yoyamba m'miyezi 7, ngakhale kuti anagona ali okwiya, cifukwa anati tinayenda ulendo wonsewo osalandira ngakhale nyeleti imodzi.

Tisanafotokoze cimene cinacitika pa bedi paja, tiyeni tiyambe tamvana za mau akuti cizungulire. M'cinenero cathu mau amodzi omwewa tiwagwiritsa nchito pa zinthu zitatu zosiyana, ndipo kusamvana kwambiri ku cipatala kuyambira pamenepa. Coyamba ndi cizungulire ceni-ceni, pamene munthu aona nyumba, mitengo kapena iye mwini ali kuzungulira, cikhalireco palibe cimene cikuyenda. Ici kawiri-kawiri cicokera m'kati mwa khutu, ndipo nthawi zina mu ubongo. Caciwiri ndi cidima ca m'maso, pamene thupi lipepuka, maso acita mdima, munthu namva ngati akomoka. Ici cicokera ku magazi ndi mtima. Cacitatu ndi kudzandira, pamene mutu uli bwino koma miyendo siri yodalirika. Amene anafikapo pa mwambo wa Nc'wala, umene unayambitsidwanso mu 1980 ndipo ucitika pa Mtenguleni kumapeto kwa February, anaonapo anthu akugwa pakati pa khamu. Munthu waima pa dzuwa kuyambira m'mawa kudikira Nkosi yamakosi Mpezeni, sanadye, sanamwe madzi, mwina wamwako mowa. Magazi atsikira ku miyendo, ku ubongo apita ocepa, ndipo agwa. Ameneyo mumgoneke pa mthunzi, mumkweze miyendo, akatsitsimuka mumpatse madzi. Cace ndi cidima ca m'maso, ndipo sicifanana konse ndi ca azakhali.

Tonse tidziwa kuti khutu ndi lomvera. Owerengeka ndiwo adziwa kuti khutu lomwelo ndilo litiimika cilili. M'kati mwa fupa la mutu, kupitirira ng'oma ya khutu, kumene cala kapena kamtengo sikangafike, muli timipita titatu topindika ngati zigwinjiri, todzala ndi madzi. Tonse pamodzi kukula kwace ndi ngati cikhadabo. Mutu ukatembenuka, madziwo atsalira pang'ono, monga acitira madzi a m'cidebe mai akaceuka mwadzidzidzi, ndipo akankha timaubweya tating'ono timene titumiza uthenga ku ubongo. Pafupi ndi timipitato pali timatumba tiwiri, m'mene muli timiyala tosaoneka ndi maso, ta mtundu wa njereza. Timiyala timeneti ndito tiuza ubongo kumene kuli pansi ndi kumene kuli kumwamba.

Ubongo uli ngati mfumu pa bwalo la milandu, ndipo mboni zace ndi zitatu: makutu, maso, ndi mitsempha ya m'mapazi ndi m'mfundo. Mboni zikagwirizana, munthu ayenda osaganizako n'komwe. Koma khutu likanena kuti tikuzungulira pamene maso anena kuti taima, mfumu isokonezeka, ndipo cotsatira cace ndi cizungulire, nseru ndi kusanza. Ana adziwa bwino zimenezi. Akazungulira-zungulira pabwalo naima mwadzidzidzi, madzi a m'khutu apitiriza kuyenda, ndipo mwana agwa akuseka. Wodwala amva zomwezo, koma iye sanapemphe masewerawo.

Tisaseke makolo athu amene anali kulumika munthu wa cizungulire ndi nyanga. Madotolo a ku Ulaya nawonso, kufikira pakati pa zaka za m'ma 1800, anali kukhulupirira kuti cizungulire cicokera ku magazi oculuka mu ubongo, ndipo anali kucotsa odwala magazi. Mu 1861 Prosper Ménière, dotolo wa pa sukulu ya ogontha mu mzinda wa Paris, ananena poyera kuti gwero lingakhale m'khutu. Pambuyo pace Robert Bárány wa ku Vienna anaona kuti odwala amene anali kuwatsuka m'makutu ndi madzi ozizira anali kucita cizungulire. Pofufuza cifukwa cace anafotokoza zambiri za kagwiridwe ka nchito ka timipita tija, napatsidwa mphotho ya Nobel ya caka ca 1914. Uthenga wa mphothoyo unampeza ali mkaidi wa nkhondo ku Russia. Amene muli ndi cizolowezi cothira madzi ozizira m'makutu a ana, mwamva cimene madziwo acita.

Matenda a azakhali ndiwo ofala koposa pa matenda onse a cizungulire ceni-ceni, ndipo madotolo awachula mwacidule kuti BPPV. Timiyala tina timathothoka pamalo pace ndi kugwera m'kampita kamodzi, m'mene simuyenera kukhala kanthu koma madzi okha. Munthu akakhala cete timiyalato tikhazikika, ndipo samva kanthu. Akatembenuka pogona, akawerama, kapena akayang'ana m'mwamba, tigubuduka ndi kukoka madzi, ndipo khutu linamiza ubongo kuti mutu uli kuzungulira kolimba. Tikakhazikikanso, cizungulire cileka. Ndico cifukwa cace sicikwana mphindi imodzi, koma cibwereza-bwereza kwa masabata kapena miyezi. Makutu sagontha, ndipo thupi silitentha. Cipezeka kwambiri kwa anthu opitirira zaka 50, makamaka akazi, ndiponso kwa amene anagunda mutu pa ngozi ya njinga kapena galimoto, kapena anagona nthawi yaitali pa bedi la cipatala. Kwa ambiri timiyala tingothothoka ndi ukalamba, popanda ngozi iri yonse.

Kapimidwe kamene dotolo anacita, kogoneka munthu cagada mutu utapotoka, kanalembedwa mu 1952 ndi madotolo awiri a ku London, Margaret Dix ndi Charles Hallpike. Kaciritsidwe kace kanabwera mocedwa. John Epley, dotolo wa makutu wa ku Portland m'dziko la America, anaganiza kuti ngati timiyala tinalowa m'kampita pogubuduka, tingatulukemonso pogubuduka, malinga mutu utembenuzidwe mwa dongosolo loyenera. Pamene anayamba kuuza anzace mu 1980, ambiri anamseka. Nkhani yace inasindikizidwa mu 1992, ndipo lero njirayo iphunzitsidwa m'masukulu a madotolo pa dziko lonse. Kacitidwe kace ndi aka. Wodwala akhala pa bedi, mutu upotozedwa theka la njira kulowera ku khutu lodwala, nagonekedwa cagada mutu utalendewera pang'ono. Adikira kuti cizungulire cithe, naonjeza theka la mphindi. Mutu utembenuzidwira ku mbali inayo, adikiranso. Kenaka thupi lonse ligonera mbali imeneyo nkhope itayang'ana pansi, adikiranso, ndipo pomaliza adzutsidwa pang'ono-pang'ono. Pa anthu 10 ali onse, pafupi-fupi 8 acira atacitidwa kamodzi kapena kawiri. Kwa ena cibweranso patapita miyezi kapena zaka, ndipo kaciritsidwe kace ndi komweko.

Ndimveketse bwino apa. Ndalemba izi kuti mudziwe cimene mungapemphe ku cipatala, si kuti mukapotoze khosi la ambuya kunyumba iai. Pafunika kudziwa kuti khutu lodwala ndi liti, ndipo munthu wa khosi lopweteka kapena wa matenda a mtima afunika dzanja lophunzira. Koma ndinenepo maganizo anga. Njira imeneyi sifuna magetsi, makina kapena mankhwala ocokera kunja. Ifuna bedi ndi munthu wodziwa. Sindiona cifukwa coti isapezeke pa kiliniki iri yonse ya kumudzi. Akadaidziwa amene anaona azakhali poyamba, bwenzi mbuzi iri m'khola ndipo banja silikadagwedezeka.

Sikuti cizungulire conse ca m'khutu ndi ca timiyala. Pali cina cimene cibwera kamodzi koma mwamphamvu, nthawi zina pambuyo pa cimfine. Mtsempha wocokera ku khutu utupa, munthu azunguzika usana ndi usiku kwa masiku awiri kapena atatu, akusanza, osatha kudzutsa mutu, ndipo kenaka cicepa pang'ono-pang'ono kwa masabata angapo. Pamenepa mapiritsi oletsa kusanza monga Stemetil, Stugeron kapena promethazine athandiza, koma kwa masiku atatu okha. Kulakwa kumene ambiri acita ndi kupitiriza kugula mapiritsiwa kwa miyezi, akubindikira m'nyumba ya mdima poopa kuyenda. Ubongo uli ndi nzeru yodziphunzitsa kudalira khutu lotsalalo ndi maso, koma uphunzira pokha-pokha munthu akamayenda ndi kutembenuza mutu. Mapiritsiwo augonetsa, ndipo phunzirolo licedwa. Masewera amene anakonzedwa ku England m'zaka za m'ma 1940 ndi Cawthorne ndi Cooksey, pofuna kuthandiza asilikali obvulala m'mutu, agwirabe nchito kufikira lero: kutembenuza mutu uku ndi uku maso ali otsegula, kenaka ali otseka, kuwerama kutola kanthu pansi, kuponya mpira kucokera dzanja ili kupita linalo, kuyenda m'cipinda wina ali pafupi. Poyamba masewerawa aonjeza cizungulire, ndipo ambiri alekera pomwepo, osadziwa kuti ndi m'mene agwirira nchito.

Matenda amene anatenga dzina la Ménière uja sapezeka kawiri-kawiri, koma ndi obvuta. Madzi a m'khutu aculuka, ndipo cizungulire cigwira munthu kwa nthawi ya pakati pa mphindi 20 ndi maola 12, khutu limodzi likulira, likumveka lodzala, ndi kumva kukucepera-cepera caka ndi caka. Kucepetsa mcere m'ndiwo ndi mapiritsi a dotolo zithandiza, ndipo kupima makutu ndi makina kucitika ku Lusaka, pa University Teaching Hospital ndi pa Beit CURE. Wofala kuposa amenewa ndi mutu wa cing'alang'ala, umene kwa ena ubwera ndi cizungulire, nthawi zina mutuwo osapweteka n'komwe. Wodwala adana ndi kuwala ndi phokoso, ndipo kusagona ndi kukhala ndi njala ndizo ziuputa. Koma khutu limene latuluka mafinya onunkha kwa zaka, likayamba kubweretsa cizungulire, kungakhale kuti matenda ayamba kudya fupa ndipo ayandikira ubongo. Limenelo si lothiramo mafuta kapena madzi a masamba. Lifunika dotolo wa makutu msanga.

Tsopano tifike pa mankhwala, pakuti nthawi zina cimene ciciza ndico cizunguza. Acikulire akumbukira kwinini: khutu kulira ngati nyenje, kumva kucepa, dziko kupendekeka. Zimenezi zimatha mankhwala akatha, ndipo zacepa kuyambira pamene Zambia inasankha Coartem kukhala mankhwala oyamba a malungo m'zaka za 2002 ndi 2003. Zoopsa kwambiri ndi nyeleti za streptomycin, kanamycin ndi gentamicin, zimene zingaphe timaubweya ta m'khutu kotheratu. Ambiri amene analasidwa streptomycin tsiku ndi tsiku kwa miyezi iwiri pa cifuwa cacikulu cobwereza anacira cifuwaco, koma ena anatsala akudzandira, makamaka mu mdima, ndipo poyenda aona zinthu zikudumpha-dumpha. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linaleka kulangiza kaciritsidwe kameneko mu 2017, ndipo kanamycin linamcotsa pa mankhwala a cifuwa cacikulu mu 2018. Gentamicin akali kupulumutsa miyoyo m'zipatala; cofunika ndi cakuti wolasidwayo akamva khutu kulira kapena akayamba kudzandira, auze namwino tsiku lomwelo. Mwa mankhwala a ARV, efavirenz ndiye anali kudziwika ndi cizungulire ndi maloto oipa m'masabata oyamba, ndipo kuyambira ca m'ma 2018 ambiri anasinthidwira ku mapiritsi okhala ndi dolutegravir. Wina asaleke yekha kumwa mankhwala ace a ARV, a BP kapena a khunyu cifukwa ca nkhani ino. Apite nawo kumene anawalandira akafotokoze.

Pali zinanso za pakhomo ndi za kumunda. M'miyezi ya June ndi July mabanja alowetsa mbaula m'nyumba natseka zitseko ndi mazenera. Makala oyaka atulutsa mpweya wopanda fungo kapena mtundu, umene ulanda malo a mpweya wabwino m'magazi. Ngati banja lonse lidzuka ndi mutu ndi cizungulire, ndi kupeza bwino likatuluka panja, wolakwa ndi mbaula, ndipo mpweya womwewo ndiwo umapha anthu ali m'tulo. Alimi a thonje opopera mankhwala opanda cophimba kumphuno ndi kumanja, ndi othyola fodya wonyowa ndi mame amene ululu wace ulowera pa khungu, nawonso abwerera kunyumba ali ndi cizungulire, nseru ndi thukuta. Za kacasu sinditaya nazo malo ambiri: amene wamwa kwa zaka zambiri aononga mbali ya kumbuyo ya ubongo imene iwongolera miyendo, ndipo adzandira ngakhale tsiku limene sanalawe.

Cidima ca m'maso cosatha, cija ca mtundu waciwiri, m'dera lathu lino kawiri-kawiri cicokera ku kucepa kwa magazi. Malungo obwereza-bwereza, njoka za m'mimba zoyamwa magazi, likodzo, kutaya magazi ambiri kumwezi, mimba zotsatizana pafupi-pafupi, zonsezi zisiya munthu wotumbuluka m'zikhato ndi m'kati mwa zikope, wopuma wefu-wefu pokwera kacitunda, mtima ukugunda ngati ng'oma. Kupima kwace kufuna kadontho kamodzi ka magazi a pa cala: a mkazi ayenera kufika pa 12, a mai wapakati pa 11, a mwamuna pa 13. Mapiritsi oonjezera magazi amwedwe kwa miyezi itatu, si sabata imodzi, ndipo gwero lace licizidwe. Ndiwo monga nyemba, kapenta, ciwindi, bonongwe ndi cibwabwa zithandiza. Bambo kapena mai wacikulire amene magazi ace acepa popanda cifukwa cooneka apimidwe bwino m'mimba. Za BP anthu ambiri amazimva mobwerera. BP yokwera, yofika 140 pa 90 kapena kupitirira, kawiri-kawiri sipereka cizindikiro ciri conse, ndipo m'menemo ndimo muli kuopsa kwace. Imene icititsa cidima ndi BP yotsika munthu akaimirira msanga, makamaka nkhalamba, womwa mapiritsi a BP oposa muyeso, kapena wotsegula m'mimba. Otere adzuke mwa magawo: ayambe akhala, apondetse mapazi, kenaka aime. Wodwala shuga amene wamwa mankhwala osadya acita cizungulire, thukuta ndi kunjenjemera. Mumpatse tiyi wa shuga msanga ngati angathe kumeza. Ndipo amene akomoka ali pa nchito yolemetsa, kapena mtima wace ugunda modumphitsa, afunika kupimidwa mtima.

Ndime iyi ndipempha muiwerenge kawiri. Cizungulire cingakhale ciyambi ca sitiroko, pamene mtsempha wa magazi wa kumbuyo kwa ubongo watsekeka kapena waphulika. Cizungulire cace ciyamba mwadzidzidzi ndipo sicileka ngakhale munthu agone cete. Wodwala sangathe kuima kapena kukhala tsonga popanda womgwira, aona zinthu ziwiri-ziwiri, lilime lilemera ndipo mau samveka, pakamwa papotoka, dzanja kapena mwendo ufooka kapena ucita dzanzi, atsamwa pomeza, mutu umpweteka mwa mtundu umene sanaumvepo, kapena khutu limodzi ligontha mwadzidzidzi. Cimodzi cokha mwa izi cikwanira. Musadikire kuti kuce, musayambe mwapita kwina. Funani galimoto nthawi yomweyo. Coipa ndi cakuti munthu wotere, pakudzandira ndi kulankhula mokoka lilime, afanana ndi woledzera, ndipo pa maliro, pa ukwati kapena pa mwambo anthu angomkokera pansi pa mtengo kuti mowa umcoke. Ngati ndi wacikulire, wa BP, wa shuga kapena wosuta fodya, muganizire za sitiroko poyamba. Ngakhale zizindikirozo zithe zokha patapita mphindi zowerengeka, apite ndithu ku cipatala, pakuti nthawi zina limenelo ndi cenjezo la yaikulu imene ikudza.

Catsala cimodzi, cimene ndinacionanso kwa azakhali. Timiyala titabwerera pamalo pace, iwo anakhalabe masabata angapo akuyenda ngati munthu wowoloka mtsinje pa mtengo umodzi. Pa msika wa Kapata, pakati pa khamu ndi njinga, anandigwira dzanja nati pansi pakuyandama. Ubongo umene waopsedwa kwa miyezi ukhala wocenjera mopitirira, ndipo sumasuka msanga. Kwa ena mkhalidwe umenewu ukhazikika: kumva kuyandama masiku ambiri kwa miyezi itatu kapena kuposa, koonjezeka poima, poyenda, ndi pamalo a piringu-piringu, pamene zopima zonse zionetsa kuti thupi liri bwino. Mu 2017 bungwe la akatswiri lochedwa Bárány Society linalongosola zizindikiro za matendawa pansi pa dzina lakuti PPPD. Wodwala sakunama, ndipo si wamisala. Athandizidwa ndi masewera aja, ndi kubwerera pang'ono-pang'ono ku malo amene awaopa, ndi uphungu, ndipo ena ndi mapiritsi ocepetsa nkhawa olembedwa ndi dotolo.

Popita ku cipatala, mau akuti "ndiri ndi cizungulire" okha sakwanira. Konzekerani kuyankha mafunso onga a dotolo uja: kodi ndi kuzungulira, cidima kapena kudzandira, citenga kamphindi, maola kapena masiku, cimayamba muli kucita ciani, khutu likulira, lagontha kapena lituluka mafinya. Nyamulani mankhwala onse amene mukumwa, a ku sitolo ndi a zitsamba omwe, osabisa. Pemphani kuti BP ipimidwe cogona ndi coimirira. Boma linacotsa malipiro m'zipatala zazing'ono za kumidzi mu 2006, ndipo kiliniki ikalephera ilemba kalata yopita ku cipatala cacikulu. Kwa a dera la Mtenguleni kuli Chipata Central Hospital, St Francis ku Katete, ndi Mwami kufupi ndi malire a Malawi. Podikira kucira musakwere pa denga kukafolera, musapalase njinga kapena kuyendetsa galimoto pa mseu waukulu, ndipo musakhale nokha pafupi ndi moto kapena citsime.

Za kumudzi zinatenga nthawi yaitali kuposa za ku cipatala. Panafunika maulendo awiri a ankhoswe, ndi nkhuku yopepesera, kuti mtengwa abvomere kubwerera, ndipo pobwera anapempha kuti amangiridwe khichini yace-yace, cimene palibe anamtsutsa. Mbuzi ija sinabwerere. Cizungulire cinayambanso kamodzi m'mwezi wa September, azakhali anakwera basi okha, nakauza namwino wolandira odwala kuti, "Mwananga, ndabwera kuti mundibwezere timiyala tanga." Mvula yoyamba itagwa anabzala nshawa mizere yonse, ndipo pamene ndinapita kukawaona ndinawapeza cowerama m'munda, akupalira pamodzi ndi mpongozi wao.